Khansa Itabwereranso kwa Atelala

Atelala anayamba kusoka pakhonde la sitolo ya nsapato akadali mtsikana. Anali mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, wodziwika ndi mayunifolomu a ana asukulu. Khansa ya m'matumbo itawagwira koyamba, madokotala anadula kachigawo ka thumbo, iwo n'kuchira. Ankaseka okha kuti nawonso awapinda ngati siketi yotalika.

Patapita zaka, magazi anayambanso kuoneka akapita kuchimbudzi. Anabisa kaye, koma mng'ono wawo, yemwe ankawathandiza kusita, anaona kuti akukhala mopendekera pampando, ndipo anawakokera kuchipatala. Dokotala anati chotupa chameranso pafupi ndi pakale paja. Ulendo uno sakanathamangira kudula. Anayenera kuchiwotcha ndi makina, kwinaku Atelala akulandira mankhwala a m'diripi, kuti chifote.

Kuwotchako sikunkapweteka pomwepo. Ankangogona pabedi lolimba m'chipinda chozizira, anamwino atatuluka, makina akuzungulira n'kumalira. Mavuto ankabwera pambuyo. Khungu linasupuka, ankangotsegula m'mimba, kukhala pansi kunali nkhondo. Diripi nayo inachititsa zala dzanzi, moti singano inkagwa iwo osamva. Amuna awo, omwe anali asanachapepo chibadwire, anayamba kuchapa zofunda, akudandaula kuti sopo wa masiku ano alibe thovu.

Tsiku lina akudikira pamzere, atatsamira khoma poti benchi linali litawakana, Atelala anauza mng'ono wawo motsitsa mawu, "Iwe, ine ndatopa. Thupili si nsalu yoti azingobwereza kusita."

"Akulu, tilowe lero lokha. Zamawa tikambirana mawa."

Analowa. Mawa lake anakambirananso zomwezo, mpaka masiku owotcha anatha.

Atawajambulanso, chotupa chinapezeka chitafota, koma chisanatheretu. Dokotala anati apume kaye, thupi libwerere m'malo, kenako adzaone ngati kudula kungatheke. Atelala sanafunse zambiri. Anangopempha kuti awalembere mafuta opaka pachilonda.

Pakhonde la sitolo lija panalowa munthu wokonza mafoni. Makina osokera anabwera kunyumba, ndipo amene amapalasa tsopano ndi mng'ono wawo. Makolo akabwera ndi ana, Atelala amadzuka n'kuwayeza ndi tepi ali chiimire, akukalipira mwana aliyense wopinda msana. Dzuwa likafika pamutu mphamvu zimakhala zatha. Amakagona chammbali kuchipinda, chitseko chili chotsekula, kuti azimva ngati ulusi ukuduka.