Wometa wa ku Zarqa ndi Belu Lozimitsa Nyenyezi

Alamu anga a Munther, amene anthu amawatchula kuti Abu Ghaith potengera dzina la mwana wawo woyamba, ndi wometa tsitsi kuno ku Zarqa, ndipo chiyambireni ntchitoyi sanagonjepo pa mkangano m'babashopu mwawo. Iwo amati n'chifukwa choti amaganiza mozama. Ine ndimati n'chifukwa cha lumo. Munthu uli pampando, khosi lili pamtunda, thovu mpaka m'makutu, ungamutsutse bwanji mwini lumo? Umangoti zoona, Abu Ghaith, n'kudikira kuti akupukute.

Anabadwira kuseri kwa depoti ya mabasi. Bambo awo ankayendetsa minibasi ya ku Amman ndipo ankalota kuti mwana wawo adzakhala injiniya, koma sukulu ndi a Munther sankamwerana madzi. Anaphunzira kumeta kwa amalume awo, anatsegula kamalo kawo, kenako anakwatira mlongo wanga Nuhad. Tinkati mlongo wathu wapata: munthu wopemphera, wosasuta, wosatengeka ndi mpira. Sitinkadziwa kuti matenda awo anali asanafike m'tauni muno.

Matendawo anafika pamene munthu wina anatsegula malo a makompyuta moyang'anizana ndi babashopu. Tsiku lina alamu anawoloka msewu kukameta mwini malowo, n'kupeza anyamata akusewera gemu yotchedwa Phulusa la Nyenyezi. Anaima kumbuyo kwawo lumo lili m'manja, ndipo mwini malo uja tsiku limenelo sanametedwe.

Gemuyo siyovuta kuimva. Umayendetsa chombo mumlalang'amba umene nyenyezi zake pafupifupi zonse zinazima, n'kumafufuza m'mabwinja a anthu akale otchedwa Oyamba. Pakati penipeni pali Belu, lalikulu ngati dziko lathuli, ndipo zolemba za m'makoma zimati likangolira kamodzi nyenyezi zonse zimathima. Koma ngati linaliradi kapena ayi, gemuyo sinena. Kampani imene inaipanga inagwa isanatulutse gawo lomaliza, n'kusiyira anthu osalakwa mkangano wopanda woweruza.

Maganizo a alamu ndi akuti Belu linalira, ndipo analiza ndi wachibale. Amati panali abale awiri amene ankalimbirana malo a malemu bambo awo, wamng'ono ataona kuti waluza anati bola tonse tisowe. Umboni wawo ndi mng'alu umene uli m'munsi mwa Belulo, komanso mipando iwiri yachifumu ya m'chipinda china, wina uli chilili wina wagwa chagada. Ukawafunsa kuti mdani wakunja sangachite zimenezo, amakuyang'ana momvetsa chisoni.

"Mdani amafuna adye zako," amatero. "Wotentha kumwamba konse chifukwa cha mkwiyo ndi m'bale wako basi."

Ine ndimadziwa kuti abambo awo aang'ono awiri anamwalira osalankhulana chifukwa cha munda wa maolivi, koma zimenezo sindizitchula.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawatsutsa ali pampando. Dzina lake ndi a Tawfiq, Abu Sanad, ophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, munthu winanso amene anazolowera kukhoza chifukwa buleki ina imakhala kuphazi kwake. Anabwera kudzameta ndevu, anamvetsera nkhani ya abale awiri mpaka tsaya limodzi litatha, kenako ananena modekha kuti zonsezo ndi nthano za ana. Belu silinalirepo, anatero, ndipo silingalire chifukwa mkati mwake mulibe chitsulo chomenyera. Oyamba analipanga kuti azingoopseza anzawo, monga amachitira anthu olemba pageti kuti kuno kuli galu pamene ali ndi mphaka. Nyenyezizo zinafa ndi ukalamba. Alamu anapukuta lumo, analipinda, n'kuwauza kuti tsaya linalo akametetse kwa amene amagwirizana nawo. A Tawfiq anatuluka choncho, mbali imodzi yosalala inayo thengo.

Mungaganize kuti zinathera pomwepo. Ayi ndithu. Kwa zaka zambiri, Lachinayi lililonse madzulo, awiriwa ankapezeka pamalo omwera tiyi a pakona, aliyense patebulo lake, atafulatirana. Sankalankhulana. Ankalankhula kudzera mwa ine, amene gemuyo sindinaikhudzepo n'kamodzi komwe. A Tawfiq ankati ndiwauze alamu angawo kuti mng'alu umabweranso ndi kuzizira. Alamu ankati ndimuuze wamabulekiyo kuti kumwamba kulibe nyengo yachisanu. Tiyi wanga ankazizira ndikutumikira nkhondo ya anthu amene sanakhaleko. Komabe mmodzi akadwala osabwera, winayo ankangokhala ndwii, n'kunyamuka msanga.

Ndiye tsiku lina Ghaith, mwana wa alamu uja, amene tsopano ndi namwino pachipatala china, anandipeza kunyumba nkhope ili yozingwa. Anati pali mtsikana wogwira ntchito kogawira mankhwala, dzina lake Rand, ndipo iye sakuonanso wina pansi pano. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi nkhani yabwino, nanga nkhope yamaliroyo ndi yachiyani.

"Malume, bambo ake ndi Abu Sanad."

Ndinaseka mpaka kutsokomola, Mulungu andikhululukire. Mwanayo sanaseke.

Azimayi ndi amene anayamba kupita kwawo kwa mtsikanayo, monga zimakhalira. Nuhad ndi mayi ake a Rand anakondana pa ulendo woyamba, anagwirizana zonse, ndipo aliyense anakauza mwamuna wake kuti akayerekeza kutchula belu pa nkhani imeneyi akagona panja. Chinatsala ndi jaha, tsiku loti amuna a kwathu tipite tonse kukapempha mwanayo pamaso pa amuna a kwawo.

Tinapita masana, magalimoto ali mdipiti, aliyense mu suti yake ya maukwati ndi maliro. Wotilankhulira anali Hajj Irsheid, mkulu wa banja la alamu, nkhalamba imene yapempha akazi m'malo mwa anyamata ambiri kuposa mano amene yatsala nawo. Eni nyumba anawathirira khofi m'kakapu, iwo anakalandira n'kukaika patebulo osamwa. Khofi ameneyo samwedwa mpaka eni mwana atavomera, ndipo akazizirira pomwepo manyazi ake amatsata banja lonse. Hajj analankhula bwino za mabanja awiriwa ndi za khalidwe la Ghaith, n'kupempha Rand. Aliyense ankadziwa yankho, poti amayi anali atamaliza kale. Ena anali atayamba kuponya maso kukhomo kumene kunkachokera fungo la kunafa, chakudya chotsekemera cha pa zikondwerero.

A Tawfiq anaimirira okha kuti ayankhe. Anatilandira, anatitamanda, kenako ndinaona kakumwetulira kamene ndinkakadziwa bwino pa Lachinayi.

"Mwana ndi wanu," anatero. "Koma pali kanthu kamodzi. Abu Ghaith anene pano, amuna awa akumva, kuti Belu silinalirepo."

Hajj Irsheid anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti belu lake liti. Nditawanong'oneza kuti ndi la mu gemu ya pakompyuta, anatseka maso n'kuyamba kutchula mayina a Mulungu chapansipansi. Achinyamata ena anaseka. A Tawfiq mpaka lero amalumbira kuti inali nthabwala, ankayembekeza kuti alamu awabwezera chipongwe china, anthu aseke, khofi amwedwe. Anaiwala kuti mnzawoyo pa nkhani ya Belu sadziwa nthabwala, ndiponso kuti mawu onenedwa khofi ali patebulo si ocheza.

Alamu sanaseke. Anayang'ana kakapu kaja, kamene nthunzi yake inali itayamba kuchepa. Kenako anayang'ana Ghaith. Mnyamatayo anali atawerama, thukuta lili kamukamu m'kolala ya suti yatsopano. Sanawapemphe bambo ake kanthu, ngakhale ndi maso. Alamu anaimirira n'kumanga batani la jekete.

"Belu silinalirepo," anatero. "Ndanena pamaso pa amuna awa ndi pa khofi uyu, ndipo pakamwa panga sipadzatulukanso zina."

Kumwetulira kwa a Tawfiq kunathawa. Anatsegula pakamwa ngati afuna kubweza, koma Hajj anali atawayang'anitsitsa kale, ndiye anangoti imwani khofi wanu. Hajj anamwa, tinanena pemphero la Fatiha, nthungululu zinamveka kuchipinda cha amayi, ndipo mbale za kunafa zinalowa. Alamu anadya yawo yonse n'kuyamikira kuti yaphikidwa bwino.

Ukwati unachitika, unali wabwino. Koma babashopu inasanduka malo ena. Alamu ankameta mwakachetechete, akalankhula ndiye za kutentha kwa dzuwa ndi mavuto a madzi. Makasitomala amene kwa zaka ankadandaula za Belu anayamba kulifunsa okha, iwo n'kumangoti nkhani imeneyo inatha. Lachinayi ankabwerabe, n'kukhala tebulo limodzi ndi a Tawfiq monga asewere, n'kumavomera chilichonse. Ine zinkandipweteka kwambiri. Ndinali nditapempherapo kuti mkangano umenewu uthe, koma sindinkafuna kuti uthe chonchi.

Amene anavutika koposa ndi wopambanayo. A Tawfiq anayamba kubweretsa okha mfundo zotsutsa maganizo awo omwe, kuti mwina mnzawo angakodwe. Anafika mpaka powauza poyera kuti awamasula pa lonjezo lawo, aiwale za tsiku lija. Alamu anayankha kuti khofi amene Hajj anamwa sangabwererenso m'kapu, ndipo anaitanitsa tiyi wina.

Patapita miyezi ingapo, Lachisanu lina titachoka ku mzikiti, Nuhad anaphika mansafu n'kuitana mabanja onse awiri. Tinazungulira mbale yaikulu ya mpunga ndi nyama ya nkhosa. A Tawfiq, mwa chizolowezi chawo chatsopano, anaponya nyambo: anati belu lopanda chomenyera mkati ndi mphika wovundikira chabe. Anadikira. Alamu ankangoumba mpunga m'dzanja.

"Linalira, bambo."

Anali Rand. Ananena osakweza mawu, maso ali pa chakudya. Anati aliyense amalimbana ndi mng'alu ndi chomenyera, koma palibe amene amayang'ana pansi. Fumbi la pansi pa Belulo linayalana m'mizere yozungulira, umo umachitira ufa pa thireyi ukaimenya m'mbali. Chinthu chimene sichinagwedezekepo sichingasiye fumbi chotero. Anati gemuyo anaisewera mpaka pamene imathera ali kusekondale, pakompyuta ya bambo ake omwewo iwo akapita kuntchito.

A Tawfiq anamufunsa chifukwa chake sananenepo zaka zonsezi.

"Ndinkadya zanu," anatero Rand. "Pano ndikudya za apongozi."

Nkhope ya a Tawfiq inawala ngati ya munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika. Anakwinya malaya mpaka m'zigongono, anayamba kunena za mphepo ya m'mabwinja imene ingathe kuyala fumbi, mwana wawo n'kuwadula kuti kumalo kopanda mpweya mphepo ichokera kuti. Ghaith anagwira mutu. Nuhad anayang'ana kudenga. Pakati pa phokosolo a Tawfiq anatembenukira kwa alamu n'kuwaloza ndi chala cha mafuta.

"Ndinu mwamuphunzitsa zimenezi, asewere."

"Ine?" anatero alamu. "Ine ndinavomera kale. Belu silinalirepo."

Ananena mawuwo maso atadzaza misozi, milomo ikukana kutsekeka. Kenako anafufuza m'mbalemo, anapeza nyama yofewa ya paphewa, anainyotsola bwinobwino n'kuikankhira mbali ya mpongozi wawo.

"Idya, mwana wanga," anatero. "Bambo akowa satopa msanga."