Maliro opanda kalata

Nkhondo itatipirikitsa kwathu ku Mozambiki, ine ndi mayi anga tinafikira ku Lungwena. Mayi anasenza mphika ndi Baibulo. Ine, mwamuna wapakhomo, ndinanyamula wailesi yopanda mabatire, ndipo ndinkathamanga patsogolo. Ndinkati ndikuwaonera njira.

Sukulu sindinapondeko, ndipo kuwerenga ndinadziphunzitsa ndi Baibulo lomwelo. Ndinkalondola zilembo ndi chala, milomo ikuyenda ngati ya mbuzi yobzikula. Asodzi achisilamu amene ndinkakoka nawo khoka ankandiseka: "Shehe wa Akhristu, lero mwafika tsamba liti?" Ine: "Lomwe lija la dzulo."

Lamulungu loyamba mayi anamanga mpango woyera n'kupita kutchalitchi. Kumeneko anakumana ndi mlembi wa mpingo, bambo wa tayi yofiira ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya, ziwiri zouma. Anawafunsa kalata. Mwambo wake ndi wakuti Mkhristu akamasamuka amatenga kalata kumpingo wake wakale, yochitira umboni kuti ndi wa Mgonero, sanadulidwe. Mwambo wabwino ndithu, kwa munthu wosamuka pa lole atatsanzika abale.

"Bambo, tchalitchi chathu anatentha," anatero mayi. "Abusa athu kaya ali moyo."

"Pepani, mayi. Nanga kalata?"

"Ndinathawa ndi nsalu yomwe ndavalayi."

"Munakumbukira mphika, kalata n'kuiwala?"

Mlembiyo anawalamula kuti ayambirenso kalasi ya ubatizo. Mayi amene anabatizidwa mlembiyo asanamere mano anakakhala pabenchi ndi tiana tamamina, akuyankha mafunso. Tsiku la Mgonero ankatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Sanadandaule. Wodandaula ndinali ine, koma chamumtima, poti pakamwa panga pankangotuluka "inde, bambo."

Dzinja lachiwiri mayi anadwala m'mimba. M'mawa wa tsiku limene anatisiya anandigwira dzanja nati, "Usakanditaye ngati galu. Pamanda panga pakamveke Mawu ndi nyimbo."

Ndinapita kwa mlembi. Ndinampeza pakhonde akupukuta masipoko a njinga, limodzilimodzi. Ndinanyonyomala n'kufotokoza za zovutazo. Sanasiye kupukuta.

"Kalasi sanamalize. Dzina lawo m'buku la mpingo mulibe. Mpingo suyimba maliro a munthu wosadziwika."

"Nanga abusa?"

"Abusa abwera mwezi wamawa. Maliro adikira?"

Ndinafuna kumufunsa ngati pakhomo la kumwamba palinso munthu wa tayi yofiira. M'malo mwake ndinaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo, bambo." Mpaka lero zikomo ameneyo amandiyabwa pakhosi.

Manda anakumba asodzi aja. Titafika nawo maliro, mwini khoka, bambo wachikulire wa kofia yoyera, anandikokera pambali.

"Achimwene, ife takumba, koma dua ya kwanu, pemphero la maliro, sitiidziwa. Shehe wanu ali kuti?"

"Sabwera."

"Basi, shehe ndinu. Buku muli nalo m'khwapamo. Kapena mumangoopsezera nalo ntchentche?"

Mawondo anga anayamba kuombana. Ndinali ndisanawerengepo mokweza pamaso pa munthu, ngakhale pamaso pa nkhuku. Komanso ndinali mlendo m'dziko la eni, wophunzitsidwa kuti wothawa nkhondo sakweza mawu. Ndinatsinzina n'kupemphera pemphero lalifupi kuposa onse m'moyo wanga: "Ambuye, wachifwamba uja pamtanda simunamufunse kalata. Ndigwireni mawondowa."

Mawondo sanasiye kunjenjemera, koma pakamwa panatseguka. Ndinatsegula Baibulo pamene mayi ankaika nthenga ya nkhanga, ndipo ndinawerenga ndi chala changa chija. Mzere wina ndinaudumpha, wina ndinaubwereza kawiri. Palibe anaseka. Kenaka ndinayambitsa nyimbo imene mayi ankaikonda posinja, koma ndinaiyambira pamwamba kwambiri, mawu n'kuthyoka ngati a tambala wophunzira kulira.

Kumbuyo wina anaitola. Anali amayi a mpingo, amene anabwera ngati anansi chabe, opanda yunifolomu poopa mlembi. Anayamba awiri, kenaka onse, ndipo wotsogolera anali mkazi wa mlembi yemweyo. Asodzi anaima phee mpaka nyimbo inatha, ndipo mayi anatsikira m'manda monga anapempha.

Lamulungu lotsatira mlembi anaimirira kutsogolo, tayi ili njo, nalengeza kuti ndagwira ntchito ya mpingo popanda chilolezo, choncho ndiyenera kudulidwa. Anatsegula buku lake kuti afafanize dzina langa. Anafunafuna, kunyambita chala, kutembenuza masamba. Dzina langa munalibe.

Ndinaimirira, mawondo osaombananso, ndipo ndinati, "Bambo, kuti mundidule muyambe mwandilemba. Koma kalata ndilibe."