Mwera Umene Ndinaphunzitsa Agogo Mayina

Kaderino kanga, kakope ka kusukulu, kanali ka chikuto chobiriwira, kothimbirira mafuta a usipa pangodya. Pa tsamba lomaliza ndinalembapo mayina anayi: la amayi, la amalume, langa, ndi la mudzi wathu.

Ndinali m'kalasi yachitatu. Inali nyengo ya mwera, mabwato ali pamtunda, mchenga ukulowa m'mano. Agogo, bambo a amayi anga, anali atayamba kumanga katundu. M'mawa uliwonse ankakulunga kapu ndi buku la nyimbo m'nsalu n'kuyamba kutsata gombe. "Nkhondo yatha, tiyeni kwathu," ankatero, ngati adakali ku Malawi kumene anathawira, chonsecho akutuluka m'nyumba imene anamanga okha atabwerako. Tsiku lina asodzi anawapeza kufupi ndi Chiwanga, madzi ali m'chiuno.

Amalume anatsika kuchokera ku Maniamba. Ndinawamva akuuza amayi kuti, "Mwezi ukatha ndibweranso. Akakhala kuti sakukudziwanibe, ndiwatenga. Kumtunda kulibe madzi omiza munthu."

Ine ndinangomva kuti kukubwera purova, mayeso ngati a kusukulu, ndipo munthu akakhoza purova sachotsedwa. Ndinali mwana wamanyazi, woopa kulozedwa ndi apurofesolo, aphunzitsi athu, koma ndinkadziwa njira imodzi yolowetsera zinthu m'mutu: kubwereza. Ndikaweruka ndinkakhazika agogo kuseri kwa thandala la usipa, kobisika ku mphepo.

"Awa akusenza chinangwa ndi ndani?"

Ankabwereza dzina la amayi kasanu, bwinobwino, mtima wanga n'kukhala pansi. Nkhuku ikangodutsa, ndifunsenso, palibe. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti Lamulungu kutchalitchi ankaimba nyimbo yonse osatsegula buku. Ndiye mayina anayi okha awakanike? Ndinkati akuchitira dala.

Ndili wamkulu, namwino wina anandifotokozera. Mu ubongo wa munthu wodwala chonchi mumaunjikana puloteni ina yotchedwa amiloyidi, imene imamatirira pamene timitsempha timapatsirana uthenga. Malowo amafooka, kenako amafa. Chatsopano chimasowa pogwira, zakale n'zimene zimatsalako kanthawi. Zinandiwawa kumva zimenezi mochedwa chotero. Pamudzi panalibe ndi mmodzi yemwe wotiuza kuti ndi matenda. Ena ankati ndi ukalamba, ena ankanong'ona zina.

Kutatsala tsiku limodzi kuti amalume abwerenso, agogo analephera dzina langa katatu. Ndinathyola bango n'kuwamenya pachikhatho, monga ankatichitira kusukulu. Kamodzi kokha, koma kanamveka. Sanakalipe. Anayang'ana dzanja lawo, n'kulibisa m'khwapa.

Amalume atafika sanafunse dzina la munthu aliyense. Anangoona mmene amayi anaondera. Agogo ataona katundu wawo akukwezedwa pa chapa, galimoto yonyamula anthu, anasangalala kuposa masiku onse, akuti tsopano akupita kwawo. Anatsanzika amayi ngati mlendo amene wasungidwa bwino. Atafika pa ine anawerama pang'ono, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Tsalani bwino, apurofesolo. Pepani, mutu wanga ndi wouma."

Ndinatembenuka n'kupita kuseri kwa nyumba, nditakwiya, poganiza kuti akundinyoza pamaso pa anthu chifukwa cha bango lija. Sindinkadziwa kuti mwezi wonsewo ankabwera pansi pa thandala mwaulemu, tsiku ndi tsiku, kudzayesetsa kusangalatsa munthu amene sankamudziwa.