Anakonda chisoni cha mwamuna wina

Anzanga, mayiyu ndinakumana naye pakhonde pomwe ndimasoka nsapato. Amagwira ntchito pa pharmacy yapafupi. Nsapato yake inali itathyoka chidendene, ndiye anakhala pabenchi kudikira, maso pafoni, misozi ili lengelenge.

"Kwagwanji, mayi?"

"Palibe. Pali bambo wina amalemba za malemu akazi ake. Tamverani."

Anandiwerengera. Bamboyo ndi pulofesa, anakulira m'nyumba yokhala ndi piyano, sukulu anaphunzira kunja. Ine ndinalekezera Fomu 2. Koma analemba kuti mpaka lero amagula sopo amene akazi ake ankakonda, ngakhale fungo lake limamuyetsemulitsa.

Ndinadzibaya ndi singano. Nanenso ndimatero, chimwalirireni mayi a ana anga. Mumtima ndinati, uyu ndi mbale wanga.

Kuyambira tsikulo mayiyu ankabwera lunch iliyonse, iye kuwerenga, ine kusoka.

"Inu a nsapato, simuseka kodi? Mano alipo?"

Ndinayambiranso kuseka. Ndinayambiranso kusita malaya.

Kenako pulofesa uja anabwera kudzayankhula ku laibulale. Mayiyu anasoketsa diresi yatsopano, imene ine sanandivalirepo. Tinapita limodzi kukamumvera.

Atamaliza kuyankhula, mayiyu anandipatsira chikwama chake n'kuthamangira kutsogolo. Anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Bwana, mwamuna wodziwa kukonda ngati inu kulibe!"

Ine ndili kumbuyo, chikwama cha chizimayi paphewa. Ndinali nditakonza mawu anga pang'ono oti ndimuuze mbale wangayo. Pulofesayo anandiyang'ana mwaulemu.

"Nanga awa ndi ndani?"

"Awa? Ndi anzanga, amasoka nsapato."

Basi. Zoti nanenso ndinaika mkazi m'manda sanazitchule.

Pobwerera anandifunsa, "Inu simunanenepo kanthu za akazi anu. Munkawakonda koma?"

Ndinamusambitsa mkazi wanga uja atalephera kudzuka, ndinkamumwetsa madzi ndi supuni. Koma kuziyala bwino ngati pulofesa sindingathe.

"Mwaona?" anatero. "Mtima wanu ndi wouma."

Pano amadutsa tsidya lina la msewu.

Ndinayesa kudana naye bambo uja, anzanga, zinandikanika. Dzulo watulutsa nkhani ina, ya mmene amaiwalira mawu a akazi ake pang'onopang'ono. Ndaiwerenga ndekha pabenchi paja. Chilichonse walemba ndi choona, ndipo ndikudziwa kuti tsidya linalo wina akumulirira iyeyo.