Tsiku Limene Tinaika Achimwene Okonda Mabandi

Ndinadzidzimuka kusanache, msana utauma ndi kuzizira kwa khoma. Ndinali nditagona chokhala, miyendo ya mayi wina ili pamwamba pa yanga. Nyali inali itatsala pang'ono kuzima. Pakati pa chipinda panali bokosi la achimwene anga a Mofati, ndipo chakumutu kwake kunali amayi athu, maso ali tong'o, osagona komanso osalira.

Kwathu ku Kaduya maliro timachezera ndi nyimbo mpaka mbandakucha, koma usiku umenewo kunalibe nyimbo. Achimwene anadulidwa mumpingo kalekale chifukwa chokonda mabandi, ndipo akuluakulu a mpingo anali atatumiza mawu kuti adzangopereka pemphero, kwaya siyimba. Amayi anzanga a kutchalitchi anabwera ndithu kudzagona nafe, koma opanda yunifolomu. M'nyumba munkangomveka kutsokomola ndi kusisima.

Ndinatuluka kukasonkha moto. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kosaleka, ndipo phiri la Michesi silinkaoneka n'komwe. Amuna anali atazungulira chitsa chofuka pabwalo, ena atafunda masaka. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangokwawa pansi n'kumatiwawa m'maso. Tinatereka nandolo m'migolo yodula pakati, ena anapita kumjigo, ena ankasenda chinangwa choti adzukulu adye asanayambe kukumba. Palibe ankauza mnzake chochita. Chaka chimenecho tinali titaphika pamaliro ambiri, moti nthambi zoika pamsewu zinkati zisanafote, kwina kwagwanso zovuta. Manja ankangogwira okha ntchito.

Achimwene anali mlimi ngati wina aliyense, koma akamva kuti kukubwera bandi, khasu ankalisiya pamzere pomwepo. Kaya ndi ku holo ya pa Boma, kaya ku Migowi, kaya kuchionetsero cha zaulimi, iwo ankapopa njinga n'kunyamuka. Nthawi zina ankakwera mpata wa ku Fort Lister, njinga akukankha, kuti akamve anyamata oimba ndi banjo ya chigubu ndi babatoni. Matipate atayamba, sankaphonya msonkhano wa chipani chilichonse, chifukwa andale ankabwera ndi oimba pa lole. Oimba akatsika, wandale n'kugwira chimkuzamawu, iwo ankatembenuza njinga. Mpaka lero anthu sadziwa kuti ankavotera ndani.

Atadwala matenda aja anatenga anthu ambiri zaka zimenezo, anachoka kuchikamwini n'kubwerera kwa amayi. Alamu anga, akazi awo, anabwera nawo limodzi, ndipo tinkasinthana kuwadwazika. Pomaliza sankatha kukweza kapu, koma chala chokha chinkagogodabe pamphasa wailesi ikamalira.

Kutacha anthu anayamba kufika. Oyamba anali a m'mudzi ndi akuchikazi, ndipo agogo ena analowa akulira m'Chilomwe, kutchula amene anatsogola kale. Kenako kunayamba kubwera anthu amene sitinkawadziwa. Ankafika panjinga, mathalauza ali matope okhaokha, n'kuziyedzeka pa mtengo wa mango mpaka malo anatha. Panali bambo wina wonenepa amene anati amaima pakhomo la holo, mayi wina wogulitsa zitumbuwa kumadansi, ndi mdala wina amene anayenda pansi kuchokera ku Chiringa. Ankapepesa mwaulemu n'kukakhala kumapeto, paokha. Anthu a m'mudzi ankawayang'ana cham'mbali.

Dzuwa likanakhala likuoneka ndikanati linali litakwera ndithu pamene pikapu ya matola inaima pamsewu. Munatsika amuna angapo atanyamula magitala okulunga m'mapepala apulasitiki ndi ng'oma yaikulu. Anali oimba a bandi ina ya ku Mulanje imene achimwene ankaikonda kwambiri. Maso awo anali ofiira, zikuoneka kuti anachezera kuimba kwinakwake. Wamkulu wawo, bambo wowonda wa imvi, anagwada pamaso pa malume athu, amene ndiwo ankayendetsa mwambo.

"Tamva mochedwa, bambo. Timati tiwaperekeze ndi nyimbo imodzi yokha."

"Kuno n'kumaliro, si ku holo," anatero malume. "Zinthu zimenezi n'zimene zatichititsa manyazi usiku wonse. Kabwezeni m'galimoto."

Bamboyo sanatsutse. Anaimirira pang'onopang'ono, ndipo anzake anakaika zipangizo zija pakhonde la khitchini kuti zisanyowe.

Ine ndinali nditagwira mthiko. Ndinaupereka kwa mnzanga n'kulowa m'nyumba. Sindinkafuna mkangano, mphamvu zake ndinalibe, koma ndinaona kuti amayi ayenera kudziwa. Amayi ndiwo ankadana kwambiri ndi maulendo a achimwene. Ankawakalipira kuyambira ali mnyamata, ndipo tsiku lina anawabisira pampu ya njinga m'nkhokwe. Ndinawanong'oneza zimene zachitika. Atamva, anati ndiwaitanire malume.

Malume atagwada pakhomo, amayi analankhula osawayang'ana.

"Achimwene, ana anga ena aja ndinawaperekeza ndi nyimbo. Uyu yekha apite chete ngati tikukataya mbuzi?"

"Nanga a mpingo atiyesa anthu otani, achemwali?"

"Magitalawo akhale pomwe alipo. Koma pakamwa pa munthu palibe anatsekapo."

Malume anadzuka n'kubwerera pabwalo. Sanalole, komanso sanakanize.

Mwambo wa pakhomo unali waufupi. Mbiri ya malemu inanenedwa, koma za mabandi sizinatchulidwe. Mkulu wa mpingo anapemphera mvula ikudontha pa Baibulo lake, ndipo adzukulu ananyamula bokosi. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya chinangwa kenako n'kutsikira kukhwawa. Kunali koterera. Tinayenda chigulu, kukumveka mapazi okha m'matope ndi kulira kwa alamu anga, amene amayi awiri anawagwirira m'khwapa.

Titafika pakhwawa, bambo wa imvi uja anayamba kuimba kumbuyo kwathu. Mawu ake anali osasa, otopa. Sinali nyimbo ya m'buku. Inali nyimbo yawo yodekha, yonena za munthu amene akubwerera kwawo wapansi galimoto itamusiya. Anzake anamulandira chapansipansi, wina akuomba m'manja mofatsa m'malo mwa ng'oma. Alendo a njinga aja analowa nawo. Ndinaona malume atatembenuka, kenako anayang'ananso kutsogolo.

Pafupi nane panali mayi wina wamkulu, amene amayambitsa nyimbo kutchalitchi kwathu. Ndinamva akung'ung'udza, mpango ataphimba nawo pakamwa. Posakhalitsa mnzake anatsatira, kenako wina. Ndinadabwa kuti mawu onse ankawadziwa, ndipo ine ndemwe ndinapezeka kuti ndikuwadziwa. Nyimboyo tinali titaimva pa maukwati ndi pa wailesi kwa zaka zambiri, tikunamizira kuti sitikumvetsera. Mkulu wa mpingo anali patsogolo ndi ambulera yake. Sanacheuke, anangochepetsa liwiro kuti bokosi lisatsalire.

Kumanda madzi anali atalowa m'dzenje, ndipo adzukulu anayamba awakapa ndi ndowa. Tinaima pamvula kudikira. Nyimbo inatha, palibe anayambitsa ina. Bokosi litatsitsidwa, dothi lonyowa linkagwa molemera. Amayi anaika nkhata yawo ya maluwa a m'mudzi, kenako alamu anga ndi ana, kenako ife. Oimba aja analibe nkhata. Wamkulu wawo anangogwira dothi la pamtumbira ndi chikhatho n'kubwerera m'mbuyo.

Pobwera anthu anasamba m'manja, anadya mofulumira chifukwa cha kuzizira, n'kuyamba kubalalika. Njinga zinachoka imodziimodzi pa mtengo wa mango. Oimba anatsanzika malume, malume n'kuwapatsa moni wa dzanja. Ife tinatsala ndi migolo yoti tikweche, mbale zobwereka zoti tibweze, ndi bwalo lopondedwa ngati khola.

Madzulo mvula inakata. M'nyumba munatsala achibale ochepa, ambiri atagona kale ndi zovala zonyowa. Amayi anagona chafufumimba pamphasa, nthawi yoyamba chimwalirireni achimwene. Ine ndi alamu anga tinakhala kukhitchini, mapazi tayandikiza makala.

"Alamu, inu munapitako kumene ankapita abambo awo a anawa?" anandifunsa.

Ndinati ayi, sindinapiteko.

"Inenso ayi. Zaka zonsezi ndinkangoti akukavina ndi akazi." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Mayi wa zitumbuwa uja wandiuza lero. Akuti sankavina n'komwe. Ankangoima pafupi ndi sipika, chipewa chili m'manja, atatsinzina, mpaka oimba atamanga katundu."

Tinakhala choncho makala akuzirala. Patapita kanthawi ndinamva mutu wawo ukulemera paphewa langa, ndipo sindinasunthe kuopa kuwadzutsa.