Mbande za Nyaharawa Zinakalambira pa Nazale

Sikisi koloko inamupeza Eliness Harawa, amene kuno timamutchula Nyaharawa, ali kale m'matope, akuzula mbande za mpunga pa nazale yake mu sikimu ya Hara. Ankazula, kutsukuluza mizu m'madzi, kumanga kamtolo n'kuponya kumbuyo. Anali yekhayekha. Kuwokera mpunga si ntchito ya munthu mmodzi, ndipo aliyense wodutsa m'mbali mwa ngalande ankadziwa kuti mayi akamawerama yekha m'puloti mwezi wa Febuluwale, ndiye kuti pali chimene anachita. Chapataliko pang'ono, amayi a gulu lake anali atandanda m'munda wa munthu wina, akuimba, osacheuka n'komwe.

Mbandezo zinali zitapitirira msinkhu. Mbande yabwino imawokedwa ikadali yanthete, koma izi zinali zikukankhira m'mawondo, tsinde litayamba kukhwima. Mbande yokalamba siphuka ana. Imangoima yokha n'kutulutsa ngala imodzi yowonda. Ndipo puloti imeneyi ndiyo inkadyetsa Nyaharawa ndi ana ake atatu kuyambira kukolola kuno mpaka kukolola kwina.

Nyaharawa anabadwira ku Mlare, ku Hara kuno anabwera ndi ukwati. Mwamuna wake anapita ku Joni mwana wotsiriza akuyamwa. Poyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse, kenako pa Khrisimasi pokha, kenako nambala inayamba kuyankhidwa ndi mayi wolankhula Chizulu. Nyaharawa sanalire nthawi yaitali. Anatenga beseni n'kukakhala pamsewu, pamene pamaima maminibasi, kumagulitsa mpunga wa kilombero wa m'munda mwake. Mpunga woswekasweka ankasinja n'kukazinga zitumbuwa. Ankadziwika ndi dzanja lake. Akamaliza kuyeza, ankatapanso kakumanja n'kuthira pamwamba, ndipo makondakitala ankamutchula kuti amama a mbasela.

Munda ankaukwanitsa chifukwa cha gulu. Amayi a mbali yathu amawokerana mosinthana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Palibe malipiro. Mwini munda amangophika tiyi ndi chinangwa. Lamulo ndi limodzi basi, ndipo silinalembedwe paliponse: msana umabwezedwa ndi msana. Woyang'anira lamuloli ndi Yunike Msiska, amene timamutchula Nyamsiska, mayi wamfupi amene lilime lake limafika kutali kuposa mwendo.

Tsono chaka chino kunabwera galimoto yoyera ya bungwe la Dzuka Uwale, kudzafuna amayi a masomphenya. Munatsika Bambo Gregory, mnyamata waulemu, wopereka moni ndi manja awiri. Anadya chitumbuwa chimodzi, n'kunena kuti mwa mayi uyu muli mgodi wa golide umene umphawi wakhalira pamwamba. Nyaharawa chibadwire anali asanatchulidwepo mgodi. Dzina lake linalowa m'gulu la okaphunzira ku loji ina ku Sangilo. Maphunziro anayamba mu Januwale, chifukwa ndalama za bungwe zinkayenera kutha Malichi asanafike, apo ayi zibwerera kwa eni ake kunja. Mpunga wokha ndi umene sanauuze za dongosololi.

Ku loji ankayamba tsiku ndi kuponyerana mpira, wowakha n'kutchula dzina lake ndi nyama imene amafanana nayo. Anajambula mtengo wa mavuto, wa mizu ndi nthambi. Anaphunzira kuwomba m'manja mitundu inayi, kuphatikizapo kuwomba kwa mvula. Zina zinali zothandiza ndithu, monga zoti mpamba sagulira ndiwo. Atafunsidwa chimene chimabwezera bizinesi yake m'mbuyo, Nyaharawa anati alibe lona woyanikira mpunga, moti umalowa mchenga. Bambo Gregory anamwetulira n'kufotokoza kuti amenewo ndi maganizo akale odikira kulandira, ndipo chimene chikusoweka si lona koma kusintha kaganizidwe. Anamupatsa tisheti yobiriwira ndi chikwama.

Kaganizidwe kanasinthadi. Mbasela inatha, chifukwa anaphunzira kuti phindu limathawira m'kakumanja komweko. Ankayeza n'kusalaza pamwamba ndi kathabwa. Anayamba kunena kuti iye si wogulitsa mpunga koma entapulinuwa, ndipo mawu awiri sankachoka pakamwa pake: bizinesi ilibe mbale, nthawi ndi mpamba.

Kuwokerana kutayamba, Nyaharawa anali ku gawo loyamba la maphunziro. Gulu linamvetsa. Kenako kunabwera gawo lachiwiri, kenako ulendo wokaona anzawo ku Karonga boma, kenako tsiku lobwereza zimene anaphunzira pa gawo loyamba. Nyamsiska anapita yekha kukamukumbutsa kuti minda ikutha iye asanapondemo ndi umodzi womwe. Apa ndi pamene Nyaharawa anaphonya. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mabisiketi a ku loji, ndi ndalama yopinda bwino, n'kunena kuti imeneyo iimire msana wake, popeza nthawi yake tsopano ili ndi mtengo. Nyamsiska anatsegula mabisiketi, n'kudya imodzi mosafulumira.

"Awa ndalandira, yewo," anatero. "Koma iyi tengani, Nyaharawa. Ndalama siwerama."

Tsiku la puloti yake litafika, Nyaharawa anaphika tiyi wodzaza ndowa. Anamwa yekha ndi ana ake mpaka madzulo. Anafunafuna aganyu, koma nyengo imeneyi aliyense wa msana wabwino amakhala atagwiridwa kale. Ndi mmene zinakhalira kuti m'mawa uja azule mbande yekha, atavala tisheti yobiriwira yolembedwa kumsana kuti Mayi Wodzidalira.

Dzuwa litakwera pang'ono, galimoto yoyera inaima pamutu pa ngalande. Munatsika Bambo Gregory atavala majombo atsopano, ndi alendo awiri ochokera kunja, mayi ndi bambo, bamboyo atakolekera kamera m'khosi. Bambo Gregory anafika msanga kwa Nyaharawa n'kumunong'oneza kuti pali kavuto kakang'ono. Mu lipoti analemba kuti iye tsopano walemba ntchito amayi khumi, ndipo alendowa abwera kudzawaona ndi maso. Anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa amayi oimba aja. Anapita kukawapempha mwaulemu wake wonse kuti angoima m'puloti ya mnzawo kwa kanthawi.

Nyaharawa anayembekeza kuti lilime la Nyamsiska ligwira ntchito, koma Nyamsiska anavomera. Amayi anabwera onse, aliyense n'kutola kamtolo ka mbande, n'kundanda bwinobwino. Nyaharawa anaganiza kuti mwina manyazi a pamaso pa alendo amupulumutsa. Anamuimika kutsogolo manja ali m'chiuno ngati kapitawo, amayi akuwoka kumbuyo kwake, akuimba nyimbo ya Chitumbuka. Mlendo wamayi anafunsa tanthauzo lake, ndipo Bambo Gregory anati akuthokoza chitukuko. Nyimboyo kwenikweni inkanena za nkhuku imene inapita kukakhala ndi nkhanga n'kubwerako ilibe nthenga. Anaibwereza katatu, chifukwa kamera inkavuta. Mlendoyo anapukuta misozi. Atafunsa uthenga wa Nyaharawa kwa amayi osauka a dziko lapansi, iye anayankha zimene analoweza, zoti umphawi uli m'mutu. Pochoka, Bambo Gregory anamukumbutsa kuti mawa ndi tsiku la masatifiketi ku loji, abwere atachapa tisheti.

Galimoto itangokhota, nyimbo inathera pakati. Amayi anaika pansi mbande zotsala, n'kusamba m'manja mu ngalande. Malo owokedwa anali aakulu ngati mphasa ziwiri, mizere yowongoka bwino, pakati pa matope opanda kanthu.

"Tawoka pamene kamera imafika," anatero Nyamsiska. "Kwinako muwauze antchito anu khumi aja, bwana."

Nyaharawa anawoka yekha mpaka dzuwa kupendeka, ndipo atawongoka kuti aone, ntchito yake inkaoneka ngati nkhuku yapalasa pakona. Anawerengera mumtima kuti akamapita chonchi, mbande zotsiriza zidzatulutsa ngala zili pa nazale pomwepo. Ankadziwanso kuti mawa lomwelo gulu likamaliza chaka m'munda wa Emma, mayi amene anali atangochira kumene ndipo sakanatha kuwerama. Ukatha munda umenewo, aliyense amabalalika kukapalira kwake, ndipo gulu silikumananso mpaka chaka chamawa.

M'mawa mwake amayi atafika kwa Emma, anapeza munthu atawerama kale, atavala bulauzi yakale yong'ambika paphewa. Palibe anamupatsa moni. Wina anati bwana abwera kudzayendera antchito. Wina anamuchenjeza kuti asamale, angadetse masomphenya. Wina anafunsa ngati akufuna aponyerane kaye mpira kuti adziwane mayina. Nyaharawa anapitiriza kuwoka. Cha m'ma eyiti, hutala ya galimoto yoyera ija inalira kumsewu, n'kuliranso, n'kuliranso. Amayi onse anadzutsa mitu kumuyang'ana. Iye anangotola kamtolo kena.

Pa nthawi ya tiyi, Nyamsiska anamupatsa kapu pomalizira penipeni, n'kumuuza pamaso pa onse kuti tsiku limodzi silibweza mwezi. Gulu libwera kwake m'mawa umodzi wokha, dzuwa likafika pamutu aweruka, chotsala aone yekha. Nyaharawa analandira ndi manja awiri.

Anabweradi. Anasankha mbande zimene zinali zikadali ndi moyo wabwino, n'kuzidula nsonga, zokhwimitsa n'kuziponyera ng'ombe. Dzuwa litafika pamutu anali atakwanitsa theka la puloti, ndipo anaweruka monga ananenera, osawonjeza ndi mzere umodzi. Emma anatumiza mbande zanthete zimene zinatsala kwake, zokwana kagawo kena. Chaka chino Nyaharawa sakolola monga kale. Zogulitsa pamsewu zichepa, koma ana adya.

Ine amene ndalemba izi ndimakhala moyandikana naye, ndipo zambiri anandiuza yekha ndikuyamwitsa Khumbize wanga pakhonde pake. Ndinamufunsa ngati wakwiya nalo bungwe. Anati ayi, Gregory ndi mwana wabwino, satifiketi anachita kuitumiza pa kabaza, ndipo wamva kuti chithunzi chake chapachikidwa mu ofesi ina kunja, kumene ali ndi antchito khumi mpaka lero. Anati akadzaitananso adzapita, bola mukhale mu Julaye mpunga uli m'matumba, ndipo adzafunsanso za lona. Kenako anayang'ana kumunda, kumene mbande za Emma zinali zitanyikidwa mizu mu ngalande.

"Anyina Khumbize, lembani zonse, ngakhale za ndalama ija, sindikubisa," anatero. "Koma mbande izo sizidikira kuti mumalize kulemba. Mawa mwanayo mumusiye kwa apongozi anu, mubwere mundithandize kagawo kotsalako. Chaka chamawa ndidzayambira kwanu."