Mtedza m'Boti la a Bonifasi

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, apongozi anga a Bonifasi ankapita pansi pa mtengo wa mango pomwe pankakhala boti lawo. Ankasolola kachitsulo koyezera oyilo, kupaka pachala, kutikita, kenako kununkhiza. Akatero ndiye ankapempha madzi akumaso.

Botilo anapatsidwa atapuma ntchito pa loji ina ku Mfuwe, komwe ankayendetsa alendo pa Luangwa madzi akadzaza. Linali loyera, losongoka kutsogolo, injini yake ili m'kati chakumbuyo. Amati likathamanga limadzutsa mutu. Koma kwathu kuno kupitirira Madzimoyo, mtsinje wathu chilimwe ana amangoudumpha. Msuweni wawo a Ben ankakonda kuwafunsa, "Akaputeni, lero tiwolokera kuti, kumunda kwa chimanga?" Apongozi anga aakazi, amayi a Magalita, iwo botilo analiona ngati nkhokwe. Tikakolola ankaikamo mtedza ndi matumba a thonje, abambo n'kumadandaula tsiku lonse.

Ine ndi apongozi sitinkayankhulana maso ndi maso. Amuna anga ali ku Lusaka, choncho chakudya ndinkapereka nditagwada patali, n'kuchoka.

Mu February amayi anapita kumaliro kutsidya. Mvula inagwa yosalekeza, mlatho unapita, dambo lonse linasanduka madzi ofiira. Ndiye kunabwera foni yoti amayi agwa, mimba yatupa, akusanza, sakuyankhula bwino. Nako kutsidyako msewu unali utaduka.

A Ben tsikulo sanaseke. Anamanga ng'ombe zawo, tinakokera boti mpaka kumadzi. Ine ndinanyamula batire pamutu, Fortunate mwana wanga ali kumsana.

Injini inalira bwino. Koma kuti afike pokocheza kutsidya abambo anayenera kukwera chakumtunda, kulimbana ndi madzi. Sanapite patali. Tinamva kabelu kakulira, injini ikufooka, madzi n'kuwabweza mpaka pa bango.

"Oyilo watentha!" anakuwa abambo. "Singano yafika pofiira."

"Ingopitani choncho!" anatero a Ben.

"Ikafera pakati paja, ukanditola ku Luangwa. Magalita atengedwa ndi ndani?"

Anayeza oyilo, anali wokwanira. Anamununkhiza, sanapserere. Analowa m'madzi mpaka m'khosi kupapasa pansi pa boti pomwe injini imamwera madzi, anazulapo udzu pang'ono. Anayesanso. Chimodzimodzi. Anamasula kapampu kamadzi, mapiko ake onse analipo. Anasintha sefa ya oyilo, naika ina yomwe ankasunga m'chitini. Anayesanso, kabelu kaja kanalirabe.

Foni inaliranso. Anali achemwali a amayi. Ndinamva mawu awo ndili patali: "Alamu, mukubwera kapena tiyitane akatekisiti?"

Abambo anakhala pansi m'matope, zovala zili chonyowa. Anati, "Ben, madzi akulowa, koma akutuluka ochepa ngati mkodzo wa mwana. Pali chomwe chatseka. Nanga n'chiyani? Boti ili silinalawe madzi chichokere ku Mfuwe."

Apo m'pamene ndinakumbukira. Popeta mtedza pansi pa mango paja ndinkaona makoswe akulowa pa kabowo kakumbuyo, thonje lili kukamwa. Nthawi imeneyo abambo anali atazula paipi ina kuti iume. Ndinatembenuzira mwana kutsogolo, n'kuyankhula naye mokweza.

"Fortunate, auze agogo kuti makoswe ankatutira thonje m'paipi yakuda ija."

Abambo anayang'ana mwanayo, osati ine. "Fortunate, afunse amako, yakumanja kapena yakumanzere?"

"Auze kuti yopita ku kachitsulo konga botolo kaja."

"Koziziritsa oyilo," anatero, ali kale m'boti.

Sanadikire kuti zizizire. Anamasula paipi, madzi otentha anawathira pamkono, khungu n'kusupuka pomwepo. Sanalire. A Ben anathyola sipoko ya njinga yawo, abambo n'kuyamba kutokosa timabowo ta kachitsulo kaja. Munatuluka thonje lakuda, makoko a mtedza, ndi tiubweya.

"Mtedza wa mkazi wako uwu," anatero a Ben.

"Ndikamufunsa bwino akachira."

Ulendo uno boti linadzutsadi mutu. Sindinaonepo chinthu chothamanga choncho pamadzi. Linakhota kuseri kwa mitengo, tinatsala tikungomvera kulira kwake, ine ndikudikira kabelu kaja. Sikanalire. Pobwera, amayi anali atagona pamphasa pakati pa mipando, maso ali otseka, koma akupuma. Tinawakweza pangolo mpaka pamsewu waukulu, kenako galimoto mpaka kuchipatala ku Chipata. Anawachita opaleshoni tsiku lomwelo.

Abambo anakana kugonekedwa, ati mkono wokha. Anakhala pabenchi panja ndi zovala zomwe zija. Chifuwa chinawagwira, bala linayamba mafinya, mapeto ake anawanyamula kupita kuwodi ya amuna. Ine ndinkayenda uku ndi uku ndi phala. Amayi anali asanatsegule pakamwa chichokere ku opaleshoni, ndipo abambo ankafunsa za iwo nthawi iliyonse ndikalowa, ngakhale pamene mpweya unayamba kuwavuta.

Masana a tsiku lomwe anatisiya, abambo anandikodola kuti ndisendere pafupi ndi bedi. Fortunate anali m'tulo, panalibe wodutsiramo mawu. Anandiyang'ana ineyo.

"Amake Fortunate, pitani mukawauze amayi anu kuti mtedza asadzaikemonso m'boti langa." Anapuma kaye. "Ndiye mubwere msanga, mudzandiuze ngati aseka."